Chifukwa chake apongozi anu akuwalirabe a Vin Scully

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene anakwatiwa ku Los Angeles. Akuti apongozi awo aamuna, mkulu wa zaka za m'ma 70, amakonda kukhala pakhonde madzulo n'kumamvera mawu ojambulidwa kale a muulutsi wina dzina lake Vin Scully, akufotokoza masewero a baseball amene anatha zaka zambiri zapitazo. Tsiku limene muulutsiyo anamwalira, mkuluyo analira pamaso pa zidzukulu, ndipo mpaka lero dzinalo likatchulidwa amagwetsa nkhope. Mayiwa akufunsa kuti: "Munthuyu anali ndani? Sanali mbale wawo, sanakumanepo naye, sanali ngakhale wosewera. Nanga bwanji amulire chonchi? Ndipo ine ndizinena chiyani, poti masewerowo sindiwamva n'komwe?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi funso limeneli. Mwachita bwino kufunsa m'malo mongoona ngati ndi zaukalamba, chifukwa chisoni cha apongozi anucho n'chenicheni, ndipo mumzinda umene mukukhalawo alipo anthu ambirimbiri amene ali nacho.

Tiyambe ndi kutalika kwa nthawi. A Vin Scully anayamba kuulutsa masewero a timu ya Dodgers mu 1950 ali ndi zaka 22, ndipo anasiya mu 2016 ali ndi zaka 88. Ndi zaka 67 pa timu imodzi. Baseball siyiseweredwa kamodzi pa sabata. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pachaka, kuyambira kumayambiriro kwa Epulo kapena kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala atayandikira, pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo masewero amodzi amatenga maola awiri ndi theka kapena atatu. Ndiye werengerani nokha. Munthu wa msinkhu wa apongozi anu anayamba kumva mawu amenewa ali kamnyamata, anakula nawo, anakwatira akuwamva, analera nawo ana, n'kudzapuma pantchito mawuwo akadali pa wailesi. Abale enieni ambiri sanacheze nawo nthawi yochuluka chotero.

Komanso masewerowa amasiya mpata waukulu woyankhula. Munthu mmodzi amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba, wina wa timu ina amayesa kukamenya ndi chibonga. Akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi kuti abwerere pomwe anayambira, ndipo akafika ndiye kuti timu yake yapeza chigoli. Akakamenya mpaka kutuluka kunja kwa mpanda, imeneyo ndiye home run. Masewero amakhala ndi magawo 9, ndipo m'gawo lililonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Pakati pa kuponya kumodzi ndi kwina pamadutsa kanthawi popanda chochitika. Wotchi yoti masewero athe palibe. Muulutsi wosadziwa ntchito amadzaza mipata imeneyi ndi phokoso. A Scully ankaidzaza ndi nkhani, ndipo pena ankangoisiya.

Anabadwa pa 29 Novembala 1927 ku Bronx, mumzinda wa New York, n'kukulira ku Manhattan m'banja la Chikatolika. Iwo eni ankakonda kusimba kuti ali mwana ankakwawira pansi pa wailesi yaikulu ya miyendo inayi imene inali pabalaza, atanyamula pilo, kapu ya mkaka ndi mabisiketi, n'kugona pomwepo kumvera masewero. Chimene chinkawakoka kwenikweni chinali mkokomo wa anthu m'bwalo, umene unkawatsikira pamutu kuchokera m'wailesimo. Mukagwira mfundo imeneyi mwagwira ntchito yawo yonse. Mwana amene anakonda phokoso la khamu atakula sanafune kulitsekereza ndi mawu ake.

Ataphunzira pa yunivesite ya Fordham, anaonedwa ndi Red Barber, muulutsi wamkulu wa Brooklyn Dodgers nthawi imeneyo. Mu Novembala 1949 Barber anawatuma kukaulutsa mpira wa Chimereka wa ophunzira a m'mayunivesite ku bwalo la Fenway Park ku Boston. Mnyamatayo ankaganiza kuti akakhala m'chipinda chofunda, ndiye anasiya chikhoti ku hotela. Atafika anapeza kuti malo ake ndi padenga, pamphepo yozizira koopsa. Anagwira ntchitoyo mpaka kumapeto osadandaula pa wailesi ngakhale kamodzi. Barber atamva zimenezi kwa anthu ena, anamutenga mnyamatayo. Anamuphunzitsa kufika msanga pantchito atakonzekera, kusatengera kayankhulidwe ka aulutsi ena, ndiponso kusakhala wochemerera timu yake pa wailesi. Pofika 1953 a Scully anali akuulutsa World Series, mpikisano womaliza wa chaka, ali ndi zaka 25 zokha, ndipo palibe wina wamng'ono kuposa pamenepo amene anachitapo zimenezi. Mu 1955 Dodgers inapambana chikho chimenechi koyamba, itagonjetsa New York Yankees imene inkaizunza chaka ndi chaka. A Scully anangonena chiganizo chimodzi, kuti Brooklyn Dodgers ndi akatswiri a dziko lonse, basi n'kukhala chete. Pambuyo pake anaulula kuti akanawonjezera liwu lina akanalira.

Koma chikondi cha apongozi anu chinayambira ku Los Angeles, ndipo chili ndi chifukwa chooneka ndi maso. Mu 1958 mwini timu, Walter O'Malley, anaisamutsa kuchoka ku Brooklyn, dera la mumzinda wa New York, kupita ku Los Angeles ku California. Bwalo lake linali lisanamangidwe, choncho kwa zaka zinayi inkasewera ku Los Angeles Memorial Coliseum, chibwalo chachikulu chimene munachitikira masewero a Olympics mu 1932, cholowa anthu oposa 90,000. Bwaloli silinamangidwire baseball. Amene ankakhala mipando yam'mwamba ankaona osewera ali kutali kwambiri, ndipo ambiri sankawadziwa n'komwe, poti timuyo inali yachilendo mumzindamo. Nthawi yomweyo n'kuti timawailesi ta m'manja ta mabatire titangoyamba kufala. Anthu anayamba kupita nato ku bwalo kuti a Scully aziwauza zimene maso awo akuona. Mawu awo ankamveka bwalo lonse kuchokera m'timawailesi masauzande, mpaka osewera ankawamva ali m'kati mosewera. Mu 1960 anazindikira kuti woyimbira masewero wina, Frank Secory, ndi tsiku lake lobadwa. Anauza omvera kuti awerenga mpaka katatu ndipo onse afuule kumufunira mafuno abwino. Bwalo lonse linafuuladi, woyimbirayo n'kudzidzimuka. Apa m'pamene anthu anaona kukula kwa mphamvu ya mawu amenewa.

Inu amene munakulira kwathu simungavutike kumva zimenezi. Kumbukirani anthu ataunjikana pa golosale kuzungulira wailesi imodzi Flames ikusewera kunja, aliyense akuona mpirawo kudzera pakamwa pa munthu mmodzi wa MBC. Kwa anthu a ku Los Angeles zinali choncho, kungoti zinkachitika usiku uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, m'khitchini, m'galaja, ndi m'galimoto pa misewu italiitali ya mzindawo. Ana ambiri ankagona kawailesi kali pansi pa pilo. Dodger Stadium itatsegulidwa mu 1962, mipando ili pafupi ndipo osewera akudziwika, anthu sanasiye kunyamula mawailesi awo.

Ngati mukufuna kumva luso lawo ndi makutu anu, funani pa YouTube gawo lomaliza la masewero a pa 9 Seputembala 1965, Dodgers ndi Chicago Cubs. Woponya mpira wa Dodgers, Sandy Koufax, anali atatulutsa aliyense amene anabwera kudzamenya, popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa malo oyamba. Kuchita zimenezi kwa anthu onse 27 n'chinthu chosowa kwambiri, moti osewera ambiri amapuma pantchito asanachionepo. Masewerowa sanaonetsedwe pa kanema, ndiye chimene chinatsala ndi mawu okha. Mvetserani mmene akukuonetserani munthuyo: Koufax akuvula chipewa, akupisa zala m'tsitsi lake lakuda, akupukuta thukuta pachipumi, akukoka lamba. Akunena kuti m'bwalomo muli anthu 29,000 ndipo aliyense mtima uli m'mwamba. Akunena kuti kachulu kamene Koufax waimapo ndi malo osungulumwa kuposa ena onse padziko pa nthawi imeneyo. Ndipo pafupipafupi akutchula nthawi ya pa wotchi, ngakhale baseball inalibe nazo ntchito za wotchi. Ankachita zimenezi poganizira Koufax mwiniyo, kuti akadzamvera tepiyo atakalamba adzakumbukire ola lenileni. Womenya womaliza, Harvey Kuenn, ataphonya kachitatu, nthawi ili 9:46 usiku, a Scully ananena kuti zatheka, kenako anatseka pakamwa kupitirira theka la mphindi, kusiya anthu akuwe. Anthu ena analemba mawu a gawo limeneli papepala n'kuwasindikiza momwe analili, ndipo amawerengeka ngati nkhani yolembedwa mofatsa ndi mlembi waluso. Komatu munthuyo ankangoyankhula zimene zikubwera, osadziwa mathero ake.

Tsiku limene ine ndimaliika pamwamba pa onse ndi 8 Epulo 1974 ku Atlanta. Henry Aaron, wosewera wakuda wa Atlanta Braves, anali atatsala ndi home run imodzi kuti apose 714 za Babe Ruth, mzungu amene Amereka ankamuona ngati mfumu ya masewerowa. Kwa miyezi yambiri Aaron ankalandira makalata achipongwe ndi omuopseza kuti aphedwa, chifukwa cha khungu lake basi. Ankayenda ndi womulondera. Usiku umenewo Braves inkasewera ndi Dodgers, ndipo woponya mpira anali Al Downing, nayenso wakuda, onse awiri atavala nambala 44. Aaron anaumenya mpirawo n'kutuluka. A Scully anali muulutsi wa timu imene yagoletsedwa, koma ananena kuti mpira wapita, ndi 715, n'kukhala chete mizinga yachikondwerero ikuphulika. Atayambanso kuyankhula anati imeneyi ndi nthawi yodabwitsa kwa baseball, kwa Atlanta ndi chigawo cha Georgia, kwa dziko la Amereka ndi dziko lonse lapansi, chifukwa munthu wakuda akuimiriridwa ndi kuomberedwa m'manja kum'mwera kwenikweni kwa Amereka, ataphwanya mbiri ya ngwazi imene anthu ankaipembedza. Kenako anafotokoza makolo a Aaron akuthamangira m'bwalo, mayi ake atamukumbatira osafuna kumusiya, ndi nkhope ya Aaron ikuonetsa kutula mtolo wolemera. Kumbukirani kuti panali patangodutsa zaka pafupifupi khumi chikhazikitsireni lamulo la 1964 lothetsa tsankho m'malo a anthu onse, ndi zaka zisanu ndi chimodzi chiphedwereni Martin Luther King, mwana wa mzinda womwewo wa Atlanta. Muulutsi wina akanangotchula nambala n'kudutsa. A Scully anatchula chimene aliyense ankachiona koma ambiri ankaopa kuchinena. Iwo anali atayenda ndi Jackie Robinson, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu m'nthawi yathu ino, amene analowa mu Dodgers mu 1947, ndiye ankadziwa bwino kulemera kwa usiku umenewo.

Apongozi anu mwina angakuuzeni kuti tsiku lawo ndi 15 Okutobala 1988, masewero oyamba a World Series, Dodgers ndi Oakland Athletics. Kirk Gibson, amene timu inkamudalira, anali atavulala miyendo yonse iwiri ndipo anali m'chipinda chosinthira akulandira thandizo. Anamva pa kanema a Scully akunena kuti sakuoneka paliponse ndipo lero sasewera. Mawu amenewo anamudzutsa. M'gawo lomaliza, Dodgers ikutsalira 4 kwa 3, kutatsala munthu mmodzi kuti masewero athe, Gibson anatulukira akutsimphina kudzakumana ndi Dennis Eckersley, katswiri wotseka masewero. Analimbana naye mpaka pa mpira wotsiriza, n'kuumenya ndi mphamvu ya manja okha, mpira uwo kunja. A Scully anafuula kuti wapita, anakhala chete kupitirira mphindi yathunthu Gibson akuzungulira bwalo motsimphina, kenako anati m'chaka chimene chadzaza ndi zosayembekezeka, chosatheka chachitika. Gibson sanamenyenso mu mpikisano wonsewo, koma Dodgers inatenga chikho.

Komabe ndikanakunamizani ndikanati anthu amawakonda chifukwa cha masiku atatu amenewa. Masewero ambiri mwa 162 aja ndi wamba, ena otopetsa, timu ikugonja popanda chiyembekezo. Apa m'pamene a Scully ankaposa anzawo. Pa masewero a Dodgers ankakonda kuulutsa okha, popanda mnzawo wocheza naye, chifukwa ankafuna kuyankhula ndi womvera mwachindunji. Ankayamba ndi moni womwewo tsiku lililonse: nthawi ya baseball ya Dodgers yakwana, moni nonse, madzulo abwino kulikonse kumene muli. Ankakuuzani kuti kokani mpando mukhale. Ndiye pakati pa kuponya ndi kuponya ankayamba nkhani, za kwawo kwa wosewera, za bambo ake, za mbiri ya ndevu, za asilikali amene anafa pa 6 Juni 1944 ku Normandy pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tsiku lina anasimba za Madison Bumgarner, woponya wa San Francisco Giants, amene anapha njoka kumunda n'kupeza tiana ta kalulu m'mimba mwake, kamodzi kakadali moyo, mkazi wake n'kukalera mpaka kuchira. Nkhani inkaima mpira ukaponyedwa, n'kupitirira, ndipo kawirikawiri inkatha gawo lisanathe. Onani kuti Bumgarner anali wa timu imene otsatira Dodgers amadana nayo kwambiri. A Scully ankayamikira wosewera wabwino posayang'ana malaya amene wavala, ndipo wa Dodgers akalakwitsa ankanena kuti walakwitsa, popanda kumunyoza. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona ulemu wawo. Munthu amene sakunamiza timu yako ikamachita zoipa, umamukhulupirira akanena kuti lero waona chinthu chachikulu.

Moyo wawo sunali wopanda misozi. Mkazi wawo woyamba, Joan, anamwalira mu 1972 n'kuwasiyira ana aang'ono. Mwana wawo Michael anafa pangozi ya helikopita mu 1994 ali ndi zaka 33. Mkazi wawo wachiwiri, Sandi, anawatsogolera mu Januwale 2021. Zimenezi sankazibweretsa pa wailesi, koma omvera ankazidziwa, ndipo ambiri amene anali pa mavuto awoawo ankapeza mpumulo m'mawu odekha amene ankabwera nthawi yake usiku uliwonse.

Ndiwonjezere kuti mumzinda wanuwo muli mabanja ambiri oyankhula Chisipanishi amene anali ndi muulutsi wawo, Jaime Jarrín wochokera ku Ecuador, amene anaulutsa masewero a Dodgers kuyambira 1959 mpaka 2022. Awiriwa anali mabwenzi apamtima. Mukamacheza ndi anansi anu ochokera ku Mexico, dzina limenelo lidzawagwira mtima mofanana.

Kutsanzikana kunachitika mu 2016. Msewu wolowera ku Dodger Stadium unasinthidwa dzina kukhala Vin Scully Avenue. Pa masewero awo omaliza pakhomo, pa 25 Seputembala, wosewera aliyense wa Dodgers asanamenye ankatembenukira m'mwamba ku chipinda cha muulutsi n'kuvula chisoti. Masewero omaliza enieni anali pa 2 Okutobala ku San Francisco, ndipo tsikulo linali ndi tanthauzo kwa iwo. Pa 2 Okutobala 1936, ali ndi zaka 8, anadutsa pa windo la malo ochapira zovala n'kuona zotsatira za World Series: Yankees 18, Giants 4. Anaimvera chisoni timu yogonjayo ndipo kuyambira pomwepo anakonda baseball. Patatha zaka 80 ndendende anatsanzika pa bwalo la Giants yomweyo, Willie Mays, katswiri wakale wa timuyo, ali pambali pawo. Anauza omvera kuti akhala mabwenzi nthawi yaitali, ndipo mumtima mwawo akudziwa kuti iwo ndi amene ankafuna omverawo kuposa mmene omverawo ankawafunira. Mwezi wotsatira Barack Obama anawaveka Presidential Medal of Freedom, ulemu waukulu umene Amereka imapereka kwa munthu wamba.

Anamwalira pa 2 Ogasiti 2022 kunyumba kwawo ku Hidden Hills, ali ndi zaka 94. Uthenga unafika Dodgers ikusewera ndi Giants ku San Francisco, ndipo Joe Davis, amene analowa m'malo mwawo, ndi amene anauza oonera pa kanema masewero ali m'kati. Usiku womwewo anthu anayamba kusiya maluwa, makandulo ndi zipewa pa chipata cha bwalo.

Tsono pa funso lanu lomaliza. Simufunika kuphunzira malamulo a baseball kuti mukhale nawo pafupi apongozi anu, ndipo musavutike kufuna mawu owatonthoza. Madzulo ena akayatsa mawuwo, apititsireni tiyi pakhondepo, mupemphe kukhala nawo, ndipo muwafunse kuti a Scully anayamba kuwamva ali ndi ndani. Ndikukhulupirira kuti yankho lake lidzakhala la bambo awo, kapena mayi awo, kapena mchimwene amene anapita kale, ndi nyumba imene anakuliramo. Muwalole asimbe mpaka atathetsa okha, ndipo ana anu akhale pomwepo amve, chifukwa imeneyo ndi mbiri ya kuchimuna kwawo. Mukafuna poyambira pena, afunseni za 25 Okutobala 2024, pamene Freddie Freeman wa Dodgers, naye akuvutika ndi kakolo, anamenya home run yothetsa masewero oyamba a World Series polimbana ndi Yankees pa Dodger Stadium, mpira n'kugwera mbali yomweyo imene unagwera wa Gibson. Joe Davis anafuula mawu omwe a Scully anafuula mu 1988, kuti wapita, n'kutchula dzina la Gibson. Apongozi anu anaonera masewero amenewo, ndipo adzakuuzani okha zimene anamva.